Kabwato Kokana Kumira

Ku Chipata kuno ukanena kuti ndine wa kilabu ya opalasa, anthu amakufunsa kuti njinga yako ndi ya mtundu wanji. Ndinatopa nako kuyankha. Ife tinkapalasa mabwato, pa damu la kuseri kwa mapiri panjira yopita ku Kasenengwa, ndipo tinali ndi kanyuzi kathu kotchedwa Nkhafi, dzina la mtengo wopalasira uja. Kanyuziko ndinkataipa ndine, Getrude Miti, ndi zala zomwezi zimene lero zikukanika kumanga batani la bulauzi.

Amuna anga a Wilbroad atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, sanapemphe zambiri. Sananene za nyumba, sananene za munda wa kumudzi. Anandikodola kuti ndiwerame, nati, "Amake Beauty, tsamba langa mulembe ndinu. Musawasiyire ana aja akuyendetsa kanyuzi masiku ano. Ndipo musandikometse."

"Ndikukometseni ndi chiyani, inuyo?" ndinatero ine.

Anaseka mpaka kutsokomola, nesi n'kutiyang'ana ndi diso loipa. Sabata isanathe anali atatisiya.

Nkhani ya tsambayi ndiifotokoze, chifukwa a kunja kwa kilabu saidziwa. Membala akamwalira, tsamba loyamba la Nkhafi limakhala lake lonse. Timalembapo dzina, bwato limene ankakonda, kapalasidwe kake, ndi zofooka zake zomwe, poti tinkati tsamba lopanda chilema ndi la mngelo, osati la munthu amene tinkadya naye chimanga chootcha. Maliro akazizira, timapita ku damu tsiku Loweruka. Wamasiye amang'amba tsambalo, nalipinda kukhala kabwato konga kamene ana amapinda kusukulu, nakaika pamadzi. Ndiye tonse timaimirira. Palibe wochoka, palibe wokhala pansi, kufikira kabwatoko katamwa madzi n'kumira. Kakamira, wamkulu pa onse amati, "Wafika." Basi, timabalalika. Si za mpingo, si za makolo, ndi zathu zokha. Zimenezi ndizo a Wilbroad anandisiyira m'manja.

Mabwato oyamba anatisiyira mzungu wina wa za thonje pamene ankabwerera kwawo. Anali obookabooka. A Wilbroad, amene nthawi imeneyo anali mphunzitsi wopanda ndi ndevu zomwe, anawamata pamodzi ndi mnzawo wa pamtima, a Boaz Soko. Anthu anawaseka, amvekere Angoni ndi madzi chibale chinayamba liti. Koma osekawo ndi amene anayamba kubwera, aphunzitsi, manesi, makalaliki, mpaka tinakhala gulu loti Loweruka lililonse kudamu kunkamveka phokoso ngati pa ukwati.

Ine ndinali taipisiti. Ndinkataipa Nkhafi pa sitensulo nthawi ya nkhomaliro, a Wilbroad n'kukaipukusa pa makina a ku parishi, kubwera kunyumba manja a shati ali bii ndi inki, wochapa ndine ndemwe. Zolembamo zinali zathu zokhazokha. Madzi afika pati pa mwala wathu woyezera. Wapambana mpikisano ndani. Wagubuduka ndani, ndipo ankayang'ana mkazi wa yani pamene ankagubuduka. Wosiya nkhafi padzuwa mpaka kung'aluka dzina lake linkatuluka, kaya akhale hedimasitala. Lamulungu pakhomo la tchalitchi anthu ankalimbirana kanyuziko ngati zitumbuwa zotentha.

Pepala lake linali lotuwa, lokhakhala, laludzu. Likangokhudza madzi linkamwa, inki n'kusungunuka, mawu onse n'kutsikira m'damu. Usanamalize pemphero la Atate Athu kachiwiri, kabwato kamira. A Wilbroad ankati limenelo ndi pepala lodziwa ntchito yake.

Kenako zinafika zaka zija matenda anatilowa m'nyumba. Nkhafi inasiya kuseka. Pafupifupi mwezi uliwonse tsamba loyamba linali la winawake, ndipo ine ndinkataipa misozi ikugwera pa makina. Ndinalembera amuna a anzanga, ndinalembera akazi a anzawo a amuna anga. Ndinalemberanso a Boaz. Tsiku lawo, mkazi wawo Dolika analephera kupinda, ndiye ndinagwira manja ake n'kupinda naye limodzi, kamwana kake Malcolm katagwira nsonga ya chitenje chake. Ndinadziuza mumtima tsiku limenelo kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindinkaopa. Ndinkadziwa kuti likadzafika langa, anzangawa adzaima nane.

Imfa sinaphe Nkhafi. Inapha ndi foni. Anthu atatsegula gulu la pa WhatsApp, kanyuzi kathu kanayamba kufika ndi nkhani zoti aliyense anazitafuna kale n'kulavula. Maso anganso anayamba kuchita chifunga. Damu nalo linkadzaza mchenga chaka ndi chaka, chifukwa mitengo ya m'mapiri inathera m'matumba a makala, ndipo kumene tinkayambira mpikisano anthu anatsegulako madimba a repu ndi tomato. Choncho Malcolm atabwerako kusukulu ku Lusaka, wamtali, wa Chingerezi cha m'mphuno, nati akufuna kudzutsa kilabu ya atate ake, ndinam'patsa kanyuziko ndi manja awiri. Ndinasangalala, Mulungu akundiona.

Malcolm anapeza anthu othandiza a kunja, amene iye amawatcha mapatina. Kuyambira pamenepo Nkhafi inasiya kulankhula ndi ife. Inayamba kutuluka m'Chingerezi chokhachokha, kawiri pachaka, yosindikizidwa ku Lusaka pa pepala lonyezimira ngati kalendala ya kubanki. Munkakhala zithunzi za ana atavala majekete a olenji oyandamitsa munthu, akumwetulira m'mabwato. Ife odziwa tinkaona kuti chithunzi chadulidwa m'munsi kuti asaoneke maudzu, poti bwatolo lili pamtunda. Makope ankapita kwa mapatina. Mamembala tinkalandira akatsalako.

A Wilbroad ankaitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza. "Yokongola," ankatero. "Koma sinandiuze kuti madzi ali pati."

Maliro awo atatha, pa gulu la pafoni panadzaza timanja topemphera ndi tinkhope tolira. Wina analemba zilembo zitatu zokha, kenako m'munsi mwake wina n'kuikapo kuti akugulitsa anapiye. Ndinadikira abale abalalike, mwana wathu Beauty abwerere kuntchito kwake ku Solwezi, ndiye ndinakhala patebulo ndi bolopeni, poti makina anga otaipira anadya dzimbiri kalekale.

Ndinalemba monga anandipemphera. Ndinati Wilbroad Miti ankapalasa mokhotera kumanzere chifukwa cha phewa limene anathyola atagwa mumtengo wa mango, ali bambo wa ndevu zake, ndipo wokhala naye m'bwato ankafika kutsidya atatopa kawiri. Ndinati ankaimba nyimbo za Maria pamadzi ndi mawu oti nsomba zinkathawa. Ndinati a Boaz atamupambana chaka china, anakhala mwezi osawapatsa moni, kenako n'kupita kukawabwereka pampu ngati palibe chinachitika. Ndinati analowa m'madzi ndi nsapato zake za kutchalitchi kukatulutsa ng'ombe ya munthu wosamudziwa. Ndinati mowa sanaulawepo, ndipo ankanyadira zimenezi mopitirira muyeso, ndi kabaji ka gulu la osamwa pa jekete, mpaka anzake ankabisa mabotolo akamuona. Ndinati anali wouma mutu, ndipo ndinkamukonda. Mzere womalizawo ndinaufufuta, kenako ndinaulembanso.

M'sutikesi ndinatulutsa chithunzi chimene ndinkachikonda kuposa zonse. A Wilbroad ali mnyamata, atavala vesiti, ataimirira m'bwato pakati pa damu lodzaza, nkhafi ili m'mwamba, mano onse pamtunda. Linali tsiku limene anabwezera a Boaz powapambana pa mpikisano.

Ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku kaofesi ka Malcolm kuseri kwa masitolo. Anandilandira bwino, zimenezo sindingamunamizire. Anaimirira, anandipatsa mpando wake, anatuma munthu kukagula zakumwa.

"Amai, a Miti anali ngati atate anga," anatero. "Tsamba lawo lituluka."

"Loyamba."

"Loyamba, Amai."

"Usasinthe mawu. Anati ndisawakometse."

Anawerenga pepala langa, nkhope ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene waluma mwala mu mpunga koma ali pakati pa alendo. Atafika pa chithunzi, maso anawala.

"Madzi onsewa, Amai? Ndi damu lathu lomweli?"

"Lomweli. Iwe usanabadwe."

Anachigwira nthawi yaitali. Ine wopusa ndinaganiza kuti akuona mnzawo wa atate ake.

Mvula inatha, chisanu chinabwera n'kupita. Ndikamuimbira ankati kope lili kwa okonza ku Lusaka. Ndikakumana ndi Dolika pa Misa ankati, "Mlamu, mwana ali ndi zambiri, koma sangakuiwaleni." Ine tulo ndinkagona tochepa. Ndinkamva ngati amuna anga aima pakhomo ndi katundu m'manja, kudikira basi imene sikubwera. Mwina n'zopusa kwa mkazi wa Chikatolika wonga ine, poti bambo mfumu anawadalitsa ndipo manda tinawaika bwino. Koma ndinapindira anthu ambiri tiimabwato timeneti kuti lero wina andiuze kuti n'zachabe.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu, Malcolm analemba pa gulu kuti Nkhafi ifika pa basi Loweruka m'mawa, tikumane kudamu.

Ndinavala diresi lakuda, ndinatenga nkhafi ya a Wilbroad imene imakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ndi ya mlombwa, anasema okha, ndipo pogwirira panachita kulowa mkati ndi manja awo. Zovala zawo abale anagawana, mabuku anatenga a kusukulu, koma iyo ndinakaniza. Pa mwambowu wamasiye amanyamula nkhafi ya malemu, kungoigwira basi.

Kudamu ndinali ndisanapiteko zaka zingapo. Abale, ndinafuna kubwerera. Mwala wathu woyezera madzi unali pakati pa munda wa tomato, wina atayanikapo matewera. Tinayenda pansi pamene kale tinkapalasa, kudutsa madimba, kudutsa maenje a oumba njerwa, mpaka kufupi ndi khoma la damu kumene kunatsala chithaphwi chobiriwira, chachikulu ngati bwalo la netibo. Mayi wina ankatungamo madzi ndi kheni yothirira.

Tinabwera ochepa. A Mateyu, wamkulu pa otsala tonse, anabwera ndi ndodo ndi matenda awo a shuga. Dolika anabwera. Ena anali nkhalamba zinzathu zingapo, ndi ana a majekete a olenji amene Malcolm anawanyamula pa galimoto. Iye anafika mochedwa, katoni paphewa, thukuta lili kamukamu. Anaitsegula ndi kiyi wa galimoto, natulutsa kope limodzi, koma sanandipatse msanga.

"Amai, ndimafuna tikambirane kaye pambali."

"Bweretsa kuno."

A Wilbroad anali pa tsamba loyamba, zoona. Tsamba lonse. Chithunzi changa chakuda ndi choyera anachipaka mitundu pa kompyuta, madzi ali buluu ngati a m'mafilimu. Pamwamba pa vesiti anawaveka jekete la olenji lokhala ndi chizindikiro cha mapatina pachifuwa, munthu amene moyo wake wonse sanavalepo chinthu choterocho. Dzina panalibe. M'munsi munali mawu a Chingerezi chosalala, ndipo Chingerezi ndimachimva, ndinachitaipa mpaka kupuma ntchito. Ankati uyu ndi mmodzi mwa achinyamata a ku komboni ya Nabvutika amene kale ankangokhalira kumwa kachasu m'mashabini, koma lero kilabu yamuwombola, wapeza chiyembekezo pamadzi.

Ndinawerenga kawiri. Ndinatembenuza masamba onse kufuna mawu anga. Kumapeto kwenikweni, pansi pa zithunzi za msonkhano wa ku hotela, panali kamzere koti kilabu ikudandaula imfa ya a W. Miti, membala wakale.

"Malcolm," ndinatero, "mwana wa Boaz. Kachasu?"

"Amai, okonza a ku Lusaka sankadziwa kuti ndi ndani. Anaona chithunzi chokhala ndi madzi, ndipo tilibe china chotero. N'chifukwa chake..."

"Iwe unaona asanasindikize?"

Anayang'ana pansi. "Ndinaona."

"Ndiye?"

"Amai, mapatina akubwera mwezi wamawa. Akavomera, abweretsa makina okumba damu lonseli. Madzi abwerera. Sangapereke chifukwa cha nkhani ya maliro, amafuna kuona ana akusintha. Ndinaganiza kuti a Miti akanakonda kuti damu likhalenso ndi madzi. Dzina sitinaike, palibe angadziwe."

"Palibe angadziwe? Chipata yonse anaiphunzitsa munthu ameneyu."

"Makope sazungulira kuno, Amai."

Pamenepo ndiye anandimaliza, chifukwa ankanena zoona. Kanyuzi kamene tinkalimbirana pakhomo la tchalitchi tsopano kakhoza kunena bodza lililonse za ife, poti sikadutsanso pakhomo pathu.

"Pepala langa lili kuti? Ndipinda limenelo."

"Linapita ndi chithunzi ku Lusaka. Ndiwafunsa."

Ndinafuna kumumenya ndi nkhafi ija, ndisaname. Manja anachita kuyabwa. Ndinayang'ana Dolika kuti anene kanthu, mkazi amene ndinamugwira manja tsiku la amuna ake. Anali kukonza duku lake, maso ali ku madimba.

"Mlamu," anatero potsiriza, motsitsa mawu, "mwana walakwa, tikakamba kunyumba. Koma anthu abwera, dzuwa ili. Tsamba loyamba ndi limeneli. Nkhope ndi yawo."

A Mateyu anagwedeza mutu. "Pindani, amai. Madzi amafufuta zonse. Mwaiwala?"

Sindinaiwale. Ndinaona ndi maso anga inki ikusungunuka pa masamba a anthu ambiri, zabwino ndi zoipa kutsikira limodzi pansi. Ndinaganiza kuti chabwino, bodzali likhale la kanthawi kochepa, madzi alidye, munthu wanga apite. Ndinang'amba tsambalo. Linkakana kung'ambika, linali ngati lakutidwa ndi pulasitiki. Popinda linkabwerera, mpaka ndinachita kukanikiza mipindo ndi chikhadabo pa bondo. Ndinapinda mwanzeru kuti mawu a kachasu akhale kunsi, kumadzi, nkhope ikhale m'mbali.

Nditagwada m'mphepete, ndinamva kuti Malcolm waima kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Foni inali m'mwamba.

"N'chiyani chimenecho?"

"Mwambowu ndi wokongola, Amai. Mapatina amakonda za chikhalidwe. Ndimati kope lotsatira..."

"Ukajambula, foniyo imira isanamire kabwatoka."

Anaiika m'thumba. Ana a majekete anaseka, kenako anaona nkhope yanga n'kuleka.

Ndinaika kabwato pamadzi, ndinakakankha pang'ono ndi chala. Kanayenda bwino, kowongoka, osakhotera kumanzere ngakhale pang'ono. Tinaimirira. Ndinayamba Atate Athu mumtima. Ndinamaliza, ndinabwereza, ndinawonjezera Tikuoneni Maria. Kabwato kanali phee pakati pa chithaphwi, kakunyezimira padzuwa, madontho a madzi akutsetsereka pa iko ngati pa nthenga za bakha.

Palibe anaganizako zimenezi, ngakhale ine. Chiyambire pepala lonyezimirali, tinali tisanapindirepo munthu. Amene anamwalira m'zaka zimenezo anali a mabanja osamukira kutali, ndipo mwambo sunachitike. A Wilbroad anali oyamba.

"Kamira posachedwa," anatero a Mateyu.

Dzuwa linakwera. Mayi wa kheni uja anabwera kudzatunga, anatiyang'ana, anayang'ana kabwato, n'kubwerera ku repu wake, kenako n'kubweranso. Kamphepo kanatembenuza kabwatoko, nkhope ya a Wilbroad n'kutiyang'ana, ikumwetulira, ndi phewa la olenji. Kenako kanatembenukanso. Ana anayamba kukankhana. Mmodzi anatola mwala kuti athandize, Malcolm n'kumugwira dzanja.

Oyamba kukhala pansi anali a Mateyu. Sindiwaimba mlandu, milomo inali itayera, thupi likunjenjemera. Chikhalire kilabu, munthu anali asanakhalepo pansi kabwato kali pamadzi. Anakhala pa chulu, nati, "Pepani amai, miyendo." Posakhalitsa anthu awiri anawagwira m'khwapa kupita nawo ku galimoto, ndipo awiriwo sanabwerere. Wina anati ali ndi ukwati wa mdzukulu masana. Wina anangoyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo ngati akufuna mthunzi, mthunzi wake n'kukhala wa kunyumba kwake.

Malcolm anabwera pafupi. "Amai, ana awa sanadye, makolo awo akudikira. Ndipo a Mateyu afunika kupita kukalandira jakisoni. Ndikawasiye, ndibweranso kudzakutengani."

"Pita."

"Kapena tonse tipite, kamira kokha usiku."

"Atate ako tinawasiya pamadzi?"

Anatenga katoni yake n'kuiika paphewa, mosamala kuti makope asapindike.

Dolika anatsala pang'ono. Anaima pambali panga, tonse maso pa chithaphwi. Ndinkamva kupuma kwake. Hutala ya galimoto italira, anandigwira mkono.

"Mlamu, maondo angawa sangafike kumsewu wapansi. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Musandisungire kukhosi."

"Pita, Dolika, mwana wako akudikira."

Anapita. Ndinamva galimoto ikulira m'mchenga, kenako zii. Ndinatsala ine, mayi wa kheni kutali uko, ndi amuna anga akuzungulirazungulira pa madzi obiriwira ndi mbiri ya uchidakwa kunsi kwawo. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la maliro. Pa maliro ndinalira chifukwa Mulungu anatenga wake. Apa ndinalibe ndi misozi yomwe, ndinali ndi ukali wokhawokha, wowawa ngati ndulu. Ndinakwiyira Malcolm, ndinakwiyira Dolika, ndinakwiyira azungu amene sindinawaonepo, amene sangakumbe dothi pokhapokha wina atakhala chidakwa. Ndinawakwiyiranso a Wilbroad pondisiyira ntchito yoti ndiigwire ndekha.

Ndinadikirabe. Mthunzi wa khoma la damu unayamba kutalika. Kabwato kanali kouma ngati kali pa shelefu.

Ndinavula nsapato, ndinakwinya diresi n'kulimanga m'chiuno ndi chitenje. Zaka zonse zija ndinkataipa chenjezo la likodzo mu Nkhafi, kuti musaponde madzi osayenda. Ndinaponda. Matope anali otentha pamwamba, ozizira pansi, ndipo anandimeza mpaka m'maondo. Ndinkatsamira nkhafi ngati ndodo. Madzi atafika m'chiuno, kabwato kanali pafupi poti n'kukafikira.

Ndinakakanikiza ndi dzanja. Kanalowa, ndipo nditachotsa dzanja kanatumphuka, katagona chammbali, mawu onse ali bwinobwino, palibe ndi chilembo chimodzi chomwe chosungunuka. Ndinakamizanso. Kanatumphukanso.

Ndiye ndinawauza a Wilbroad. Panalibe wina womva, choncho ndinanena mokweza, zonse zimene ndinakumbukira za m'pepala langa lija. Za phewa ndi mtengo wa mango. Za nyimbo zothawitsa nsomba. Za pampu ya a Boaz, za ng'ombe, za kabaji. Ndinati, "Atate ake Beauty, munali wouma mutu, ndipo mpaka lero simunasinthe." Mzere womaliza uja ndinaunenanso.

Kenako ndinaika nsonga ya nkhafi pa kabwatoko, ndinakatsitsa pansi, ndinakanikiza ndi thupi langa lonse mpaka nkhafi inalowa m'matope n'kuima yokha. Ndinadikira. Panatuluka timathovu tochepa, basi.

Wonena mawu aja panalibe. Wamkulu pa onse otsala pamalopo ndinali ine.

"Mwafika," ndinatero.

Ndinagwira chogwirira cha nkhafi, pamalo paja panalowa mkati ndi manja awo, kuti ndiizule tizipita kunyumba. Itangosuntha pang'ono, ndinaona cha olenji chikuyamba kuonekera pansi pa madzi. Ndinaibwezera msanga, ndinaikanikizanso kuposa poyamba, ndipo ndinachotsa manja.

Ndinatuluka m'madzi chokwawa, poti ndinalibenso chotsamira. Mayi wa kheni anali ataima m'mphepete, atandigwirira nsapato.

"Amai, mwaiwala mtengo wanu," anatero.

"Sindinaiwale. Muwauze ana a kuno asauzule."

Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu, matope akuuma m'miyendo. Malcolm sindinakumane naye panjira. Kunyumba ndinasamba, ndinalowa kuchipinda, ndipo potseka chitseko ndinaona pakhoma mzere woyera pamene nkhafi inkatsamira.